David Livingstone: dotolo yemwe adayeza dziko lino ndi nyenyezi komanso wotchi

Mlendo yemwe wangotsika kumene minibasi pa Kanengo mumzinda wa Lilongwe n'kumafuna nyumba ya m'bale wake kwa Mgona sangapite patali osafunsa. Tinjira tambiri ta m'derali tilibe maina, ndipo nyumba zidathithikana mwakuti munthu amalozeredwa ndi zizindikiro: adutse pomwe amayi akusankha mtedza, akhote pa kiyosiki ya madzi, kenaka akafunsenso pachigayo.

Koma masiku ano mnyamata wokhala ndi foni yamakono amangotumiza kadontho pa WhatsApp, wakabaza n'kufika pakhomo penipeni. Kumbuyo kwa kadontho kameneka kuli manambala awiri omwe akadaulo a mapu amawatcha latitude ndi longitude. Foni imawapeza m'kuphethira kwa diso, pomwe zaka zoposa 160 zapitazo munthu amachezera usiku akuyang'ana kumwamba kuti apeze manambala omwewa.

Mmodzi mwa anthu oyambirira kugwira ntchito yotere m'dziko muno adali David Livingstone. Ana asukulu amamudziwa ngati mmishonale yemwe adalimbana ndi malonda a akapolo, koma ntchito yomwe idamudyera nthawi yambiri, kumutchukitsa, komanso kumusokeretsa kumapeto a moyo wake, idali yojambula mapu.

Kuchokera kufakitale ya thonje

Livingstone adabadwa pa 19 March 1813 m'tauni ya Blantyre ku Scotland, m'banja losauka lomwe limakhala m'chipinda chimodzi. Ali ndi zaka 10 adayamba ntchito yolumikiza ulusi pafakitale ya thonje, kulowa 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku. Akaweruka amapita kusukulu ya usiku. Mu 1836 adayamba maphunziro a udotolo mumzinda wa Glasgow, ndipo pambuyo pake bungwe la London Missionary Society lidamulandira ngati mmishonale.

Sukulu yake yoyamba ya mapu idali pasitima yapamadzi. Mu December 1840 adakwera sitima yotchedwa George kulowera ku South Africa, ndipo woyendetsa sitimayo, Captain Donaldson, amakhala naye mpaka pakati pausiku kumuphunzitsa kuyeza mwezi ndi nyenyezi. Adafika ku Cape Town mu March 1841 n'kupitirira ku mishoni ya Kuruman. Mu 1844 mkango udamuthyola mkono wamanzere ku Mabotsa, ndipo chaka chotsatira adakwatira Mary, mwana wa mmishonale Robert Moffat.

Pa ntchito yotembenuza anthu mtima mkuluyu sadaphule kanthu kwenikweni. Munthu wodziwika yemwe adamubatiza ndi mfumu Sechele ya Akwena, m'dziko lomwe lero ndi Botswana. Mtima wake udali paulendo. Mu 1849 adafika kunyanja ya Ngami, mu 1851 n'kuona mtsinje wa Zambezi. Mu 1852 ali ku Cape Town adakasula luso lake kwa Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa boma la Britain kumeneko. Kuyambira pomwepo, manambala omwe Livingstone amapeza m'maulendo ake amawatumiza kwa Maclear kuti awaunike. Cape Maclear wa ku Mangochi adatchedwa choncho pothokoza mphunzitsi ameneyu.

Manambala awiri

Latitude ndi nambala yosonyeza kutalika kwa malo kuchokera pa ikweta, mzere wongoganizira womwe umadula dziko lapansi pakati, kulowera kumpoto kapena kummwera. Imawerengedwa m'madigiri, ndipo digiri imodzi ndi pafupifupi makilomita 111. Digiri iliyonse imagawidwanso m'timagawo 60. Mzinda wa Lilongwe uli pafupi ndi madigiri 14 kummwera kwa ikweta.

Pofuna kupeza nambalayi Livingstone amagwiritsa ntchito sextant, kachipangizo ka magalasi koyezera msinkhu wa dzuwa kapena nyenyezi kuchokera m'chizimezime. Panyanja yaikulu chizimezime chimaoneka bwino, koma kumtunda mapiri ndi mitengo zimatchinga. Choncho iye amathira mercury, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira ngati galasi, m'kambale n'kumayeza chithunzithunzi cha nyenyezi m'menemo.

Longitude ndiyo idali yovuta. Iyi ndi nambala yosonyeza kutalika kwa malo kulowera kummawa kapena kumadzulo kuchokera pamzere wodutsa ku Greenwich mumzinda wa London. Chinsinsi chake ndi nthawi. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, kutanthauza madigiri 15 pa ola, kapena digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse. Lilongwe ali chakufupi ndi madigiri 34 kummawa, ndiye dzuwa limafika paliwombo kwa Mgona maola awiri ndi mphindi pafupifupi 15 lisadafike paliwombo ku Greenwich.

Munthu wodziwa nthawi ya pomwe waima komanso nthawi ya ku Greenwich amatha kuwerengera longitude yake. N'chifukwa chake pa katundu yense wa Livingstone, wosamalidwa ngati dzira adali ma chronometer, mawotchi apadera osunga nthawi ya ku Greenwich. Wotchi yotere ikataya mphindi imodzi yokha, mudzi umasuntha pamapu ndi makilomita pafupifupi 27. Pofuna kutsimikiza kuti mawotchiwo sakunama, iye amayeza mtunda wa pakati pa mwezi ndi nyenyezi zina n'kufananitsa ndi manambala a m'buku lomwe amayenda nalo. Kukachita mitambo, kapena utsi wa lupsa ukaphimba kumwamba, ntchito imaima.

Padalinso nambala yachitatu, ya kukwera kwa malo kuchokera pa nyanja yamchere, yomwe akadaulo amati altitude. Apa chipangizo chake chidali mphika wa madzi ndi choyezera kutentha. M'mbali mwa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, koma munthu akakwera mamita pafupifupi 300 madzi amawira msanga ndi digiri imodzi. Ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,000, madzi a nsima amawira asadakwane madigiri 97.

Kulakwitsa kwa pa Kebrabasa

Ulendo womwe udamutchukitsa udayambira ku Linyanti mu November 1853. Mfumu Sekeletu ya Makololo idamupatsa anthu, ng'ombe ndi minyanga. Adafika ku Luanda, kugombe la kumadzulo, pa 31 May 1854 malungo atamufooketsa. Makalata ndi mapu omwe adatumiza kwawo zidamira pamodzi ndi sitima ya Forerunner, ndipo atamva izi adakhala pansi n'kulembanso zonse. Kenaka adabwerera, naona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu November 1855 n'kuwatcha Victoria Falls, mpaka kukafika ku Quelimane, kugombe la kummawa, mu May 1856.

Atafika ku Britain adalandiridwa ngati mfumu. Buku lake la 1857 lidagulidwa ngati zitumbuwa, ndipo uthenga wake udali woti Zambezi ndi msewu waukulu womwe sitima zingayendemo kulowetsa malonda abwino ndi Chikhristu pakati pa Africa, malonda a akapolo n'kufa okha. Boma lidakhulupirira, lidapereka ndalama ndi sitima yotchedwa Ma-Robert, ndipo mu 1858 adabwereranso akutsogolera gulu lomwe mudali dotolo John Kirk, wojambula zithunzi Thomas Baines ndi mng'ono wake Charles.

Komatu pamapu ake padali mpata. Potsika ndi Zambezi mu 1856, asadafike ku Tete, iye adasiya mtsinje n'kudula njira yachidule kumtunda. Adamva zoti kutsogoloko kuli mathithi koma adawayesa aang'ono, ndipo sadapite kukawaona ndi maso. Mu November 1858 ndi pomwe adaima pa Kebrabasa, pomwe lero pali damu la Cahora Bassa, n'kupeza mtsinje ukuwinduka pakati pa matanthwe kwa makilomita ambirimbiri. Padalibe sitima yomwe ikadadutsa pamenepo. Safunsa adadya phula, ndipo pamalo pomwe padafunika kufunsitsa Livingstone adamva zomwe mtima wake umafuna kumva.

Akadaulo a mapu a lero ali ndi mawu a vuto limeneli. Amati ground truthing, kutanthauza kupita ndi miyendo pamalo kukatsimikiza ngati zomwe zili papepala kapena pachithunzi cha setilaiti zilikodi.

Kulowa m'dziko lino

Kulakwitsa kumeneku ndi komwe kudakhotetsa mbiri ya Malawi. Posowa kolowera, mu January 1859 Livingstone adalowetsa sitima yake mumtsinje wa Shire. Kumtunda kwa mudzi wa mfumu Chibisa ku Chikwawa adakumananso ndi mathithi, kuyambira pa Kapichira, ndipo adawatcha Murchison, dzina la mkulu wa bungwe la Royal Geographical Society. Adasiya sitima n'kuyenda pansi. Mu April 1859 adafika kunyanja ya Chilwa, ndipo pa 16 September chaka chomwecho adaima kumapeto a kummwera kwa nyanja yaikulu, dera la Mangochi. Adalemba kuti malowo ali pa madigiri 14 ndi timagawo 25 kummwera kwa ikweta, nambala yomwe sikusiyana kwenikweni ndi ya pamapu a lero.

Mabuku akale a sukulu amati iye adatulukira nyanjayi, koma m'mbali mwake mudali kale midzi, mabwato ndi makoka, ndipo amalonda a Chiyao ndi a Chiswahili amaiwoloka chaka ndi chaka. Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, adadutsa chakufupi ndi kuderali mu 1616 pochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Ngakhale dzina loti Nyasa lomwe lidalowa pamapu ndi mawu a Chiyao ongotanthauza nyanja. Chatsopano chomwe Livingstone adabweretsa ndi manambala, omwe adachititsa kuti munthu wokhala mu ofesi ku London athe kuloza nyanjayi ndi chala osafunsa mwini dziko.

Mu 1861 adathandiza Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA kukhazikika ku Magomero. Panjira, pamudzi wa Mbame, adamasula akapolo 84. Mwa omasulidwa m'masiku amenewo mudali kamnyamata ka Chiyao komwe kadadzadziwika ndi dzina loti James Chuma. Chaka chomwecho anthu adasenza boti kulambalala mathithi a Shire, ndipo Livingstone ndi anzake adayenda nalo m'mbali mwa gombe la kumadzulo mpaka dera la Nkhata Bay. Mwera udawazunza, akuba adawabera, chakudya chidatha, ndipo adabwerera asadaone komwe nyanja idathera. M'malo ena chingwe chawo choyezera kuya sichidagunde pansi. Lero zikudziwika kuti nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 560 ndipo pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Kumpoto kwake kudadziwika pamapu mu 1875 pomwe E. D. Young adaizungulira ndi sitima ya Ilala.

Ulendowu udatha ndi misozi. Mackenzie adamwalira ndi malungo mu January 1862, ndipo Mary, mkazi wa Livingstone, adatsikira kuli chete pa 27 April 1862 ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi. Livingstone mwiniwake adali munthu wovuta kugwira naye ntchito. Adakangana ndi azungu anzake ambiri, ndipo Baines adamuchotsa ntchito pomuganizira kuba popanda umboni wogwirika. Boma la Britain lidaimitsa ulendowo mu 1863, koma asadanyamuke adayenda pansi kukafika ku Nkhotakota, komwe adakumana ndi Jumbe, n'kupitirira kwa Mwase ku Kasungu. Ena mwa Makololo omwe adabwera naye adatsalira kuchigwa cha Shire, ndipo maufumu a Kasisi, Maseya ndi Katunga adachokera kwa iwo.

Wotchi itagwa

Mu 1866 adabweranso, ulendo uno kufunafuna gwero la mtsinje wa Nile. Adalowera ku Rovuma, kudutsa kwa Mataka ndi kwa Mponda, n'kukwera mapiri kulowa m'chigawo chapakati. Chakumapeto a chakacho adawoloka Diamphwe n'kudutsa mphepete mwa Dzalanyama, nkhalango yomwe ndi gwero la mtsinje wa Lilongwe, womwe madzi ake amatuluka m'mipopi ya mumzindawu lero. Nthawi imeneyo mzinda kudalibe, kudali midzi ya Achewa, ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndi mantha a nkhondo za Angoni.

Mu January 1867, ali m'dziko lomwe lero ndi Zambia, tsoka lidamugwera kawiri. Wonyamula ma chronometer adaterereka n'kugwa nawo, ndipo patangopita masiku ochepa anthu awiri adathawa ndi bokosi la mankhwala. Kusowa kwa kwinini kudadya thupi lake, pomwe kugwa kwa mawotchi kudadya mapu ake. Kuyambira pamenepo longitude yake imaphonya ndi makilomita pafupifupi 30, iye osadziwa bwino kukula kwa vutolo.

Adafika kunyanja ya Mweru mu 1867 ndi ya Bangweulu mu July 1868, koma Bangweulu adaijambula yaikulu kuposa m'mene ilili. Mu 1871 adafika ku Nyangwe pamtsinje wa Lualaba, komwe adaona ndi maso ake amalonda a akapolo akuwombera anthu pamsika. Lipoti lake pa zimenezi lidagwedeza Britain, ndipo lidathandiza kuti msika wa akapolo wa ku Zanzibar utsekedwe mu 1873. Pomwe mtolankhani Henry Morton Stanley amamupeza ku Ujiji chakumapeto a 1871, munthu yemwe moyo wake wonse udadalira kusunga nthawi adali atasokoneza kawerengedwe ka masiku, mwakuti akatswiri a mbiri amatsutsanabe za tsiku lenileni lomwe awiriwa adakumana.

Adakana kubwerera kwawo. Amakhulupirira kuti Lualaba ndi mutu wa Nile, pomwe ndi mutu wa Congo, monga Stanley adatsimikizira mu 1877. Kumayambiriro a 1873, mvula ili pachimake, adalowa m'madambo a Bangweulu akutsata mapu ake omwe. Pomwe mapu amati pali mtunda padali matope ofika m'chiuno, ndipo mitambo imamulepheretsa kuyeza nyenyezi. Anthu ake adamubereka pamapewa, kenaka pamachira, akutaya magazi. Adamwalira m'mudzi wa mfumu Chitambo ku Ilala pa 1 May 1873 ali ndi zaka 60.

Akadaulo osatchulidwa

Chuma, Abdullah Susi, Jacob Wainwright ndi anzawo adakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, adaumitsa thupi ndi mchere padzuwa, n'kulinyamula makilomita oposa 1,500 mpaka ku Bagamoyo, komwe adafika mu February 1874. Sadataye mabuku ndi mapu ake. Thupilo lidaikidwa m'manda ku Westminster Abbey pa 18 April 1874.

Chaka chomwecho Chuma ndi Susi adapita ku Britain kukathandiza Horace Waller kusanja zolemba zomaliza za malemuyo. Waller adachitira umboni kuti awiriwa adali akadaulo enieni a malo. Tsiku lina atasokonezeka ndi kayendedwe ka mitsinje ya dera lina, Susi adakhala pansi n'kujambula mitsinje yonseyo kuchokera m'mutu, ndipo chojambula chake chidagwirizana ndi mapu a Livingstone. Izi sizodabwitsa, poti kwa zaka zambiri iwo ndiwo amafunsa eni midzi komwe mtsinje uliwonse wachokera ndi komwe ukupita. Chuma adadzatsogoleranso ulendo wa Joseph Thomson mu 1879 ndipo adamwalira ku Zanzibar mu 1882.

Zomwe mapu adabala

Mapu a Livingstone adaitana alendo. Mishoni ya Livingstonia idayamba ku Cape Maclear mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo malonda a akapolo adatha m'zaka za m'ma 1890. Koma mapu omwewo ndiwo adapatsa Britain poyambira polimbirana dziko lino ndi Apwitikizi, ndipo mu 1891 lidakhala pansi pa Britain. Malire omwe adalembedwa ku Ulaya m'zaka zimenezo adagawa Achewa m'maiko atatu, n'chifukwa chake a ku Malawi ndi Mozambique amawoloka malire popita ku Kulamba kwa Gawa Undi ku Katete m'dziko la Zambia. Pa Lizulu ku Ntcheu, kungodumpha msewu munthu walowa m'dziko la eni. Mkangano wa nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania, womwe udabukanso mu 2012, nawo umabwerera ku pangano la Britain ndi Germany la mu July 1890.

Zipangizo zidasintha koma maziko ndi omwewo. GPS ya mufoni imamvera ma setilaiti omwe akuzungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo imafuna anayi kuti idziwe pomwe munthu waima. Setilaiti iliyonse imanyamula wotchi yolondola kwambiri, ndiye nkhani idakali ya nthawi monga m'masiku a chronometer.

GIS ndi njira yosunga ndi kusanja mapu mukompyuta, yomwe idayambira ku Canada m'zaka za m'ma 1960 motsogozedwa ndi Roger Tomlinson. Chinthu chilichonse chimalowamo mwa mitundu itatu. Chitsime kapena kiyosiki ndi point, kutanthauza kadontho. Msewu, ngalande kapena paipi ndi line, womwe ndi mzere. Puloti kapena munda ndi polygon, malo ozunguliridwa ndi malire. Mtundu uliwonse wa zinthu umakhala ndi layer yake, ndipo ma layer amasanjikizidwa ngati mapepala oonekera mkati. Akasanjikiza layer ya zitsime, ya zimbudzi ndi ya makomo omwe mwatuluka odwala, azaumoyo amaona pomwe matenda akuchokera. Kwa anthu a malo othithikana ngati kwa Mgona, kwa Chinsapo ndi kwa Biwi, omwe adaona kolera wa 2022 ndi 2023 yemwe adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, imeneyi ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Palinso scale, yomwe imauza kuchepa kwa mapu poyerekeza ndi malo enieni. Pa mapu a 1:50,000, sentimita imodzi imaimira mamita 500, ndiye puloti yonse ya banja singakwane ndi kansonga ka pensulo komwe. Malire a puloti amafuna mapu akeake ndi mabikoni okhomedwa pansi. Achinyamata a m'dziko muno akuphunzira luso lojambula malo ndi ma drone, makamaka chitsegulireni sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe mu 2020.

Chithunzi chochokera kumwamba chimaonetsa madenga a malata, koma sichinena kuti chitsime ichi chimauma mu October, kapena kuti ngalande iyi imasefukira m'nyumba mvula ikagwa usiku wonse. Zimenezo amadziwa ndi mayi wotunga madzi, mfumu ya m'deralo ndi wakabaza, monga momwe Susi ndi Chuma amadziwira mitsinje. Ndipo banja lomwe likufuna kugula puloti poona pepala lokha, osapita kukaponda pamalopo n'kufunsa oyandikana nawo, likumbukire dotolo wa ku Scotland uja yemwe adalonjeza dziko lonse msewu wa sitima pamtsinje womwe makilomita ake ena sadawaone.